Tsekani GRUB, anzanga a Ubuntu

Anzanga amene muli ndi makompyuta a Ubuntu m'mashopu osindikiza mapepala kuno ku Chipata, kaya ku Kapata kaya m'tauni, tamverani. Pasiwedi yolowera ija pa yokha siiteteza mokwanira. Munthu akayatsa makina n'kudina batani la e pa menyu ya GRUB (pulogalamu yomwe imayambitsa Ubuntu makina akangoyatsidwa), amangowonjezera init=/bin/bash, basi walowa ngati root, woyang'anira wamkulu wa makina onse, osafunsidwa kanthu. Mafayilo a makasitomala, ma NRC omwe munasikana, zonse zili poyera. Zimenezi zimandidetsa nkhawa kwambiri.

Pangani pasiwedi ya GRUB ndi lamulo la grub-mkpasswd-pbkdf2, muiike mu fayilo ya /etc/grub.d/40_custom pamodzi ndi set superusers (mzere wotchula ololedwa kusintha menyu), kenako yendetsani lamulo la update-grub. Mukapanda kuika --unrestricted pa mzere wa menyu woyatsira Ubuntu, GRUB izifunsa pasiwedi nthawi iliyonse poyatsa, ngakhale magetsi atabwera inu mulibe. BIOS, pulogalamu ya makina yomwe imayamba GRUB isanabwere, nayonso itsekeni ndi pasiwedi, apo ayi wina angoyatsira pa flash yake.