Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 9: Chizungu Chilibe "Iwe" ndi "Inu"

Gawo lapitalo tinalekezera pamene ndinali nditangoyamba ntchito yosamalira okalamba ku Nottingham, m'nyumba ya agogo oposa 30, shifiti ya maola 12. Lero za kusambitsa ndi kudyetsa ndiziika kaye pambali. Ndikhazikika pa chinthu chimodzi chimene chinadya miyezi yanga yoyamba, ndipo mpaka pano chikupunthwitsabe abale athu obwera kumene: mawu amene Angerezi amayezera kuti munthu ali naye pafupi kapena patali motani. Chizungu cha MSCE chimakudutsitsa pa intavyu. Cha pa kolido ndi cha pa nthawi ya tiyi ndi china, ndipo ndi chimene chimakupezetsa anzako kapena kukudanitsa nawo.

Gwero la vutoli ndi ili. Kwathu ulemu uli m'mawu momwemo. Ukati "iwe" kapena "inu", "wabwera" kapena "abwera", aliyense wamva kale pamene wamuika munthuyo. Chizungu chili ndi "you" mmodzi yekha, wa mfumu yemweyo, wa khanda yemweyo. Kale analipo awiri. "Thou" anali wa munthu mmodzi kapena womuzolowera, "you" wa anthu ambiri kapena wolemekezeka. M'zaka za m'ma 1600 "thou" anayamba kuzimirira pakamwa pa anthu, n'kutsalira m'Baibulo la King James la 1611, m'nyimbo zakale za kutchalitchi, ndi kwa okalamba ena a ku Yorkshire amene amatibe "thee" ndi "tha". Tinene kuti "inu" wawo anameza "iwe". Mtunda umene ife timauonetsa poyera, iwo anakaubisa m'dzina limene akuitanira ndi m'zining'a zawo.

Kudziwana kwawo kuli ndi makwerero. Pansi penipeni pali "I know her by sight", kutanthauza kuti nkhope ndimaidziwa koma sitinalankhulanepo. Pamwamba pake pali "on nodding terms": mukakumana mumangogwedezerana mutu. Anthu oyandikana nyumba atha kukhala pamenepa zaka 10 popanda kudana, zimene kwathu zikanayambitsa kale manong'onong'o. Kenaka pali "on speaking terms", ndipo apa pali msampha. Mawuwa nthawi zambiri amanenedwa mokana. "They're not on speaking terms" ndiye kuti samwerana madzi. Choncho wina akakufunsa za manijala wako iwe n'kuyankha kuti "we are on speaking terms", pofuna kunena kuti mumacheza bwino, womvayo atola zakuti munayambanapo ndipo mwangoyamba kumene kupatsana moni.

Khwerero lachinayi ndi "on first-name terms", ku America amati "on a first-name basis". Apa mtima wa mwana woleredwa kwathu umakana. Gogo wa zaka 90, msinkhu wa amayi a amayi ako, umutchule dzina lake la ubatizo? Komatu ndi mmene zilili. Manijala amatchulidwa dzina, namwino wamkulu chimodzimodzi. Njira yake ndi yachidule. Musanalowe m'chipinda, onani mu fayilo ya chisamaliro pamene palembedwa "preferred name". Ngati palibe, funsani mwini wake: "What would you like me to call you?" Ena, makamaka amene anali aphunzitsi kapena anamwino, amafuna Mrs ndi dzina la bambo, ndipo mutsatire zimenezo mpaka iwo eni atanena kuti "call me" chakuti.

Chimene chimalakwika ndi pamene tatenga ulemu wa kwathu n'kuuveka Chizungu. Ndinaona msungwana wina wa kwathu, wa khalidwe labwino kwambiri, atanyamula kapu ya tiyi ndi manja awiri, n'kunyonyomala pambali pa mpando, n'kunena kuti "Here is your tea, Granny." Mayi wachikulireyo anabweza kapuyo pa thireyi mwakachetechete, nati, "I'm not your granny." Msungwanayo anatuluka misozi ili lengelenge. Iye anapereka ulemu wonse umene anali nawo. Mayiyo anamva zinthu ziwiri: kuti akutchedwa nkhalamba, ndiponso kuti mlendo wadziika pa chibale chimene sanapatsidwe. "Mama", "Auntie" ndi "Uncle" amagwa chimodzimodzi. "Sir" ndi "Madam" nawo amamveka ngati a m'sitolo kapena a apolisi a pamsewu, ndipo kamtsikana kodzimva amakatcha "a little madam". Kunyonyomalako kokha n'kwabwino, musakusiye: pa ntchitoyi amaphunzitsa kuti maso anu akhale pa mlingo wa maso a munthu wokhala pansi. Chosintha n'chakuti muwayang'ane m'maso, musazolike.

Chodabwitsa n'chakuti anthu omwewa, okana "Granny", amaitana munthu wosamudziwa ndi mawu otsekemera. Ku Nottingham, Derby ndi Stoke-on-Trent woyendetsa basi akuti "duck", inde bakha, ndipo moni wake ndi "Ay up, me duck". Ku Newcastle ndi "pet", ku Glasgow mkazi ndi "hen", ku Yorkshire ndi "love", ngakhale mwamuna kwa mwamuna mnzake. Ku Bristol ndi ku Devon mayi wogulitsa akhoza kukutchani "my lover" akukupatsani chenji. Palibe chipongwe, palibenso chibwenzi. Ali ngati "achimwene" kapena "asisi" wa pa msika. Langizo langa: landirani, koma musafulumire kubwezera. Gogo akakuti "duck" ndi ufulu wake. Iwe wantchito ukayamba kuitana aliyense "darling" kapena "sweetheart" osapemphedwa, ena amamva ngati ukuwayesa ana, ndipo nkhaniyo imafika kwa manijala.

Moni nawo. "You alright?" si funso la thanzi. Ndi "zikuyenda?" wa pa njira. Yankho ndi "Yeah, you?" kapena "Not too bad", miyendo ikuyendabe. Ukaima n'kuyamba kufotokoza za mutu umene wakusautsa usiku, mnzakoyo asowa pogwira. Koma akakukokera pambali, mawu atatsitsa, n'kunena mokwanira kuti "Are you all right?", pamenepo akufunsadi.

Tsopano mneni amene ndinamupatsa masamba atatu m'kakope kanga ka m'thumba la yunifolomu: "get on". Akatsatidwa ndi munthu, "I get on with her", ndiye kuti timagwirizana. Aku America amakonda "get along". Akatsatidwa ndi ntchito, "get on with the beds", ndiye kuti pitiriza kuyala mabedi. "Get on with it!" ndi kukalipa: fulumira, siya kuzengereza. "How are you getting on?" ndi funso lachikondi kwa munthu watsopano, zikukuyendera bwanji. "She's getting on" popanda china pambuyo pake ndiye kuti akukalamba. "He's getting on my nerves" ndiye kuti akunditopetsa. Onsewa mungawamve m'shifiti imodzi.

Woopsa ndi mnansi wake, "get off with". Kwathu tikudziwa kuti "bwenzi" ndi "chibwenzi" zimasiyana ndi "chi" yekha, koma wina akasokoneza banja limagwedezeka. Ku Britain "on" ndi "off" ali choncho. "He got on with the nurse" ndi kugwirizana pa ntchito. "He got off with the nurse" ndi kupsopsonana kapena kupitirira apo. Bambo wina wa kwathu, wokwatira, anafuna kuyamikira mnzake wa pa shifiti pamaso pa anthu, lilime n'kutembenuza kamawu kameneka. Chipinda chonse chinaseka, mayiyo sanaseke, ndipo panatenga masabata kuti amasukirane. "Get off on the wrong foot" ndi zinanso: kuyamba molakwika ndi munthu tsiku loyamba. Momwemonso "we hit it off" ndi kugwirizana pongokumana, pamene "he hit on her" ndi kufunsira. Dziwaninso kuti "hit it off" ndi wa kukumana koyamba kokha. Simunganene za mnzanu wa zaka zambiri kuti lero "we hit it off".

"They get on like a house on fire" amaopsa munthu amene anaonapo nyumba ya udzu ikupsa mu Okutobala. Ife timamva tsoka. Iwo akuona liwiro la motowo: anthu awiri angokumana, macheza agwira nthawi yomweyo ndipo sakuzimitsika. Ndi chiyamikiro chathunthu. Ubwenziwo ukakhwima amati "thick as thieves" kapena "joined at the hip", wathu uja wa ponda apa m'pondepo. Palibe akunenedwa kuba, kungoti muli kafungo ka anthu osungirana zinsinsi. Koma "thick" ameneyu musamusiye yekha. "They're thick as thieves" ndi ubwenzi. "He's thick" ndi kutukwana, kunena kuti ndi mbuli. Anthu osiyana mitima kotheratu ndi "chalk and cheese", choko ndi tchizi, ndipo nthawi zambiri amanena za pachibale kapena banja limene likukhala bwinobwino ngakhale ali osiyana.

Chining'a chimene chimatinamiza kwambiri ife olankhula Chichewa ndi "see eye to eye", chifukwa tili ndi chathu chofanana nacho nkhope. Kuonana maso ndi maso kwathu ndi kukumana, osati pa foni kapena potuma munthu. Mawu a Chizunguwa akupezeka pa Yesaya 52:8 m'Baibulo la King James, pamene alonda akuona ndi maso awo. Koma lero amatanthauza kugwirizana maganizo. Ukauza anzako kuti "I need to see eye to eye with the manager" pofuna kunena kuti ukufuna ukakumane naye, walengeza kuti pali kusamvana. Kukumana ndi "face to face". Ndipo "we don't see eye to eye on this" ndi mawu ofatsa, othandiza pa msonkhano: tasiyana maganizo pa nkhani iyi yokha, sitinadane. Kudana ndi "we've fallen out".

Chimene ndimafuna abale athu atachimvetsa msanga ndi "banter". Angerezi, makamaka a ntchito zamanja, akakulandira amayamba kukuselewula. Akuseka jekete lako lalikulu, tiyi wako wa masupuni atatu a shuga, timu yako ya mpira. Amati "taking the mickey" kapena "pulling your leg". Ambiri athu amakhumudwa n'kudzipatula, osadziwa kuti chitseko chatseguka. Komatu izi tili nazo. Ndi chisuweni. Ku Zambia Angoni ndi Abemba amanyogodolana pa chimbuya chawo ngakhale pa maliro, wina osakwiya. Malamulo akenso ndi ofanana. Msuweni yekha ndiye amaloledwa, mlendo sayamba. Dikirani ayambe iwo, bwezerani pang'ono pa mlingo womwewo, ndipo manijala musamulowetsemo pamaso pa anthu. Ulemu wopitirira ndi umene uyenera kukudetsani nkhawa: amene akungokupatsani "please" ndi "thank you" osakusekani ngakhale kamodzi, akadali patali. Koma nthabwala ikakhudza khungu, mtundu kapena kumene munachokera, imeneyo si "banter" ngakhale mwini wake aitche choncho. Lembani tsiku, nthawi ndi mawu enieniwo, mukanene.

Za kuitanirana kunyumba ndidutsa mwachangu. "You must come round sometime" ndi mawu otsanzikirana, si kuitana. Kuitana kwenikweni kumatchula tsiku ndi ola. Ngakhale atati "pop in any time", tumizani kaye uthenga. Odi wa mwadzidzidzi, amene kwathu amaphetsa nkhuku, kumeneko amadzidzimutsa.

Malire akadumphidwa, mawu ake ndi "familiar". "I'm familiar with the hoist" ndi bwino, makina onyamulira odwala ndikuwadziwa. Koma "he was a bit familiar with my mother", akatero mwana wa gogo, chimenecho ndi chidandaulo chachikulu: wantchitoyo wazolowera mopyola, mwina m'mayankhulidwe, mwina m'kagwiridwe. Amatinso "overfamiliar" kapena "taking liberties". Mwambi wawo ndi "familiarity breeds contempt", kuzolowerana kumabala kudererana. Pa ntchito yathu zimayambira pa zazing'ono: kulowa m'chipinda osagogoda chifukwa mwazolowerana, kukhala pa bedi osapempha, kulandira kandalama ka mphatso, kupatsana nambala ya foni ndi achibale.

Zikafika apo mudzamva mawu asanu awa: "Can I have a word?" Amanenedwa mofatsa, nthawi zina ndi kumwetulira, koma ndi kuitanidwa ku bwalo. Kwathu nkhani yovuta imadzera kwa mkhalapakati. Kumeneko amayembekezera kuti eni ake awiri akhale pansi, ndipo amati "clear the air". Manijala akati "you've rubbed her up the wrong way", fanizo lake ndi la kusisita mphaka mobweza ubweya: simunalakwe mwadala, koma kachitidwe kanu kamukwiyitsa munthuyo. Musayambe ndi kudziteteza kapena kufotokoza mwambo wa kwathu. Funsani kuti "What did I do that upset her?", mverani mpaka amalize, kenaka pitani kwa munthuyo nokha ndi chiganizo chimodzi: "I think we got off on the wrong foot, and I'm sorry." Akayankha kuti "no hard feelings", ndiye kuti palibe chakukhosi, ndipo nkhaniyo musaibwerezenso mawa lake ndi kupepesa kwachiwiri.

Msungwana wa kapu ya tiyi uja anachita zomwezi m'mawa mwake. Anagogoda, nadikira yankho, nafunsa dzina limene mayiyo amafuna. Anauzidwa kuti Mrs, ndipo anakhala pa Mrs mpaka tsiku limene anasamukira ku nyumba ina.

Gawo likubwerali ndi la Disembala wanga woyamba, pamene dzuwa linkalowa isanakwane 4 koloko masana.