Blantyre mpaka Karonga pa msewu wa M1

Abale anga, tafika bwino ku Karonga! Tinanyamuka ku Blantyre dzulo kusanache, mlamu wanga ali pa chiwongolero, tinakagona ku Mzuzu.

Pa Lizulu tinaima kugula mbatatesi ndi kabichi. Amayi ogulitsa anazinga galimoto ndi mabeseni, ena akuwoloka msewu kuchokera mbali ya Mozambique, poti pamenepa malire ake ndi msewu womwewo. Pa Chingeni ndi pa Kalinyeke tinalipira pa toll gate, ndipo ndalama zimenezi tikufuna tizizionadi pa msewu.

Koma Chikangawa yandiwawa mtima. Ndili mwana tinkadutsa pakati pa mitengo ya paini, chifunga chili tolo, fungo lake likulowa m'basi. Pano malo ambiri angotsala zitsa. Ndinangokhala chete mpaka ku Mzuzu.

M'mawa uno potsika Chiweta nyanja inangoti mbee kumunsiku. Mlamu anaika giya yaing'ono, mabuleki akununkha, tonse tili phee m'makhotamo. Amene mukubwera kuno, Chiweta musamatsike usiku chonde, komanso thirani mafuta pa Mzuzu.

Madzulo ano tikudya mpunga wa Kilombero ndi nsomba. Mawa tikaone mlatho wa Songwe.