Mtima wa akodiyoni uli m'mvukuto

Anthu akamatsutsana za zida zoimbira zachikale ndi zamagetsi, ambiri amathamangira ku gitala ndi kiyibodi, koma ine ndimaona kuti nkhaniyi imamveka bwino pa akodiyoni. Chidachi, chimene Cyrill Demian analembetsa kuti ndi luso lake ku Vienna m'dziko la Austria m'chaka cha 1829, chimalira ndi mpweya basi. Woimba akakoka kapena kukankha mvukuto umene uli pakati, mpweya umadutsa pa timalilime tachitsulo tomwe timanjenjemera n'kutulutsa mawu. Timalilimeti timakhala pa tizitsulo tomatidwa ndi phula la njuchi losakaniza ndi utomoni, ndipo tizikopa tating'ono timatseka njira ya mpweya kuti usatayike.

Zimenezi zili ndi mavuto ake. Kutentha kumafewetsa phula, chinyezi chimachititsa dzimbiri, ndipo kuchuna timalilime mazanamazana, kalikonse pakokha ndi tupa, ndi ntchito yofuna mmisiri wodekha. Akodiyoni yaikulu ya makiyi 41 kudzanja lamanja ndi mabatani 120 kumanzere imalemera makilogalamu oposa 10, choncho msana nawo umamva.

M'chaka cha 2004 kampani ya Roland inatulutsa akodiyoni yamagetsi yotchedwa FR-7, yopanda kalilime n'kamodzi komwe. Sifuna kuchuna, imatha kutsanzira zida zina, ndipo munthu angaphunzire usiku atavala mahedifoni osasokoneza ogona. Phindu limeneli ndi lenileni, ndipo amene amanyoza zida zotere ngati zidole sanaimepo papulatifomu pomwe ng'oma ndi magitala zikumeza mawu a akodiyoni. Komabe chimene chimandichititsa chidwi n'chakuti opanga aja sanachotse mvukuto. Anausiya, n'kuikamo kachipangizo koyeza mphamvu ya mpweya, chifukwa ankadziwa kuti kukweza mawu, kuwatsitsa ndi kuwadula mwadzidzidzi zonse zimachokera kumkono wamanzere.

Apa m'pamene pagona kusiyana. Pa akodiyoni yachikale, kalilime kalikonse kamadya mpweya wake, moti ukadina mabatani ambiri mvukuto umatha msanga, ndipo uyenera kudziwiratu pomwe utembenukire kuti nyimbo isaduke pakati. Ukakoka mofatsa kwambiri, timalilime ta mawu abesi timachedwa kudzuka, ndipo ukamaimba umamva chidacho chikunjenjemera pachifuwa. Yamagetsi imayesetsa kutengera zonsezi, koma mawu ake amatuluka m'sipika, ndipo imakhululukira zolakwa zimene inzake ija imaulula poyera. N'chifukwa chake ndimakonda kuti wophunzira ayambire pa yachikale, ngakhale yaing'ono ndi yakutha, kenaka asamukire ku yamagetsi mkono utazolowera.

Palinso nkhani ya kukhalitsa. Akodiyoni zopangidwa ku Castelfidardo m'dziko la Italy, kumene Paolo Soprani anayamba ntchitoyi mu 1863, kapena ku fakitale ya Hohner ku Trossingen m'dziko la Germany, zimakonzedwa ngakhale patapita zaka makumi ambiri, popeza phula, chikopa ndi chitsulo zimapezeka nthawi zonse. Yamagetsi ikapsa m'kati, moyo wake umadalira ngati kampani ikupangabe kachipangizo kamene kawonongekako.