Nsapato yanga inaimba nawo ku Dublin

Popeza kavidiyo kaja kondionetsa ndikuvina gule wa ku Ireland kafika kale mpaka kwa malume anga ku Ntcheu, ndiloleni ndifotokoze ndekha musanathiremo mchere wanu. Sindinagwe ayi. Amene mukuti ndinagwa kaonereninso bwino. Ndinangokhala pansi mofulumirirapo, basi.

Mlandu wonse ndi wa nsapato. Ndinazigula ma euro 8 pa kaunjika wa azungu, uja amati charity shop, saizi 45 pomwe phazi langa ndi 42. Ndinati ndidzaikamo nyuzipepala kutsogoloku, n'kuiwala. Ndiye tsiku limenelo anzanga akuntchito anati tikaonere gule wa kuno ku Ireland pa hotela ina kufupi ndi mtsinje wa Liffey, zija mumayamba mwadya nyama ya nkhosa ndi mbatatesi, kenako magetsi thii, ovina balamanthu.

Abale, gule ameneyu ndi wodabwitsa. Kuyambira m'chiuno kupita kumutu munthu wauma gwa ngati wapolisi pa perete, manja ali tsaa m'mbali ngati awamata ndi ulimbo. Koma kumapaziko kuli nkhondo. Nsapato zawo anaziika chinthu cholimba chotchedwa fibreglass kutsogolo ndi kuchidendene, ndipo anthu 8 akamenya matabwa nthawi imodzi mumangomva ngati matalala padenga la malata. Mnzanga wa ku Cork ankandinong'oneza kuti zonsezi zinatchuka mu 1994, pamene Michael Flatley ndi Jean Butler anavina pa nthawi yopuma ya mpikisano wa nyimbo wa Eurovision mu Dublin momwemuno, mphindi 7 zokha, n'kubadwa chionetsero cha gule chotchedwa Riverdance. Ine ndinangogwedeza mutu, mumtimamu ndikuti mphindi 7? Kwathu mphindi 7 timakhala tikukunga ng'oma pamoto.

Kunyada kumeneko ndi kumene kunandipha. Mtsikana wa maikolofoni atafunsa ngati alipo ofuna kuyesa, dzanja langa linakwera lokha osandifunsa. Ndine Mngoni ine. Kuponda pansi ndi kwa makolo anga. Ndinati azungu awa lero aona ngoma.

Anatiimika anayi uku anayi uko, tikuyang'anizana, akuti gule wake ndi Siege of Ennis: pitani kutsogolo, bwererani, sinthanani malo. Zophweka. Vuto linali chiuno. Mtsikana uja anandiuza mwaulemu kuti bambo, thupi lisagwedezeke, mapazi okha. Ndinavomera ndi mtima wonse. Koma ng'oma yawo ya chikopa cha mbuzi, ija amaigwirizira pantchafu n'kumaikwapula ndi kamtengo kamodzi, bodhrán, itangoyamba kulira, chiuno changa chinazindikira mbuzi. Ndikachigwira kumanzere chikuthawira kumanja. Ndikachikhazika, mapewa ayamba. Gogo wina wa ku America amene ndinagwirana naye dzanja ankangondiyang'ana ngati ndagwidwa ndi mizimu.

Mpaka pamenepo zinali bwino ndithu, anthu amaomba m'manja. Ndiye mnyamata wina mwa ovina aja anadutsa kutsogolo kwathu n'kuponya mwendo m'mwamba, woongoka ngati mzati, mpaka kufika pamphuno. Ndinamva mawu a agogo anga akuti, iwe, ukusiyira mwana ameneyu bwalo?

Ndinaponya mwendo. Mwendo unabwerera. Nsapato sinabwerere.

Inu amene mwangoonera pafoni simungamvetse kutalika kwa nthawi imene nsapato ija inakhala m'malere. Inakwera pang'onopang'ono, ikutembenuka mwaulemu ngati ikupereka moni kwa aliyense. Inadutsa magetsi a buluu, inadutsa ofiira. Ndinaona mtengo wake, € 8, kapepala kakadali phatike pansi pake, ndipo anthu a pa tebulo lakutsogolo anauwerenganso. Ndinapeza mpata woganizira mayi anga. Ndinaganizira za visa yanga. Woimba vayolini anaitsatira ndi maso, mutu uli chagada, dzanja osasiya kukwecha. Ndikanafuna ndikanapita kukasamba n'kubwerako isanatere.

Ndipo inkalunjika kwa akulu ena a ndevu zoyera amene ankaimba uilleann pipes. Choimbira chimenechi sauzira ndi pakamwa. Munthu amakhala pampando, mvukuto ngati wa osula makasu waumangirira pachigongono, thumba la mpweya lili kukhwapa linalo, zala zonse zili pachitoliro, ndipo zitoliro zina za makiyi zagona pamiyendo, zomwe amadina ndi m'mphepete mwa dzanja. Kunena kwina, bamboyo analibe chiwalo ngakhale chimodzi chopuma choti n'kuwakhira nsapato. Anangoiyang'ana ikubwera, ngati munthu woona ngongole.

Inatera pamakiyi paja, phaa. Choimbira chija chinalira mbuuu, ngati ng'ombe yoona mpeni. Ndipo apa ndikufuna mundimvetse, chifukwa muvidiyo simukumveka bwino: kulirako kunagwirizana ndi nyimbo. Sikunaphonye. Anthu akumbuyo anakuwa ndi chimwemwe poganiza kuti ndi mmene anakonzera. Anthu amaphunzira choimbira chimenechi zaka ndi zaka, nsapato yanga inangofikira kukhoza.

Apa m'pamene ndinakhala pansi paja. Sokosi pa matabwa opolishidwa ndi chimodzimodzi therere, funsani aliyense. Ndipo zoti sokosiyo inali yobooka, chala chachikulu chili suzumire kuonerera nawo gule, sindikukana. Koma m'mawa ndikuvala kabowoko kanali kakang'ono. Amene anakokera kamera pachalapo mpaka chikhadabo kudzaza sikirini yonse ndikumudziwa, ndipo pa shifiti ya Lamlungu asandipemphe kusinthana.

Akulu a ndevu aja anamaliza nyimbo yonse nsapato ili pamiyendo pawo ngati mwana wobatizidwa. Atatha anaitola ndi zala ziwiri, n'kuiyang'ana mkati, n'kuyang'ana phazi langa, n'kufunsa pa maikolofoni ngati mwini wake weniweni ali m'chipindamo. Holo yonse gwedegwede ndi phwete. Ndinapita kukaitenga ndikutsimphina, manja ali tsaa m'mbali, thupi louma gwa. Mtsikana uja anati tsopano ndiye mwaima bwino.

Malume atumiza voice note ya mphindi 4. Sindinaitsegule. Nsapato zija zilipo, ngati alipo wa saizi 45 ku Dublin kuno andipeze, ma euro 6.