Situdiyo ya kuseri kwa shopu yathu ku Ulongué

Shopu yathu ili pafupi ndi msika wa ku Ulongué, m'boma la Angónia kuno ku Mozambique. Ndinaitsegula mu 2016 ndi ndalama za mbatata ya kachewere imene tinalima ndi malemu bambo. Ntchito yake inali yodziwikiratu: kutchaja mafoni, kugulitsa mayunitsi a Movitel ndi Vodacom, komanso kuikira anthu nyimbo m'mamemori khadi. Ndinene poyera, nyimbozo sizinali zanga. Munthu ankangofika n'kuti, "Achimwene, mundisakanizire za ku Malawi ndi za kizomba," ine n'kumudzazira khadi, iye n'kusiya mametikali 50. Za woyimba sindinkaziganizira n'komwe.

Mchemwali wanga, mzime wa m'nyumba mwathu, ndiye ankandigwirira pashopu akaweruka kusukulu. Kutchalitchi ankayimba kwaya kuyambira ali wamng'ono, koma pashopupo anatulukira zina. M'kompyuta munali foda ya nyimbo zakale za ku America zimene palibe kasitomala ankazifuna, ndipo iye ankazimvetsera tsiku lonse, makamaka za Aretha Franklin. Chingerezi sankachimva. Chimene chinamugwira mtima ndi mmene mayiyo ankakokera liwu limodzi mpaka munthu kumva tsemwe. Atamva kuti nayenso anayambira kuyimba m'tchalitchi cha bambo ake ku Detroit, basi, nkhani inathera pomwepo. Anagula kope la masamba 96 n'kuyamba kulembamo nyimbo zake.

Ine ndinkaziona ngati zachibwana mpaka tsiku lina madzulo, ndikutseka, anandiyimbira imodzi popanda choimbira chilichonse. Inali yonena za amayi athu, mmene amadzukira kusanache kukakhala m'mbali mwa msewu wa ku Calómuè ndi ndowa za mbatata, kudikira galimoto zopita ku Dedza. Ndinaima ndi loko m'manja mpaka anamaliza.

"Achimwene, yaipa?"

"Yimbanso," ndinatero.

Chaka cha 2019 tinachotsa matumba a chimanga m'kachipinda kakuseri. Ndinagula maikolofoni yogwiritsidwapo kale ntchito, kabokosi kolumikizira maikolofoniyo ku kompyuta, ndi mahedifoni awiri. Pulogalamu yojambulira nyimbo ya FL Studio ndinaiphunzira pa YouTube usiku, ndi mabandulo otchipa aja a pakati pa usiku. Kukhoma tinakhomako matiresi awiri akale ndi mabulangete. Kutsogolo kwa maikolofoni tinaikako sokosi yopyapyala ya amayi yokungidwa pa waya, kuti mpweya wa "p" ndi "b" usamaphulike. Mpaka lero amayi sadziwa kumene sokosi yawo inapita.

Apa ndi pamene ndinaphunzira kuti nyimbo za soul, mtundu wa nyimbo za Aretha zija, n'zovuta kujambula kusiyana ndi zovina. Nyimbo yovina ili ndi ng'oma zambiri, phokoso lililonse limabisala mmenemo. Koma ya mchemwali wangayi ndi piyano, besi pang'ono, ndi mawu basi, moti ngakhale kupuma kwake kumamveka. Ndiye maikolofoni simasankha. Njinga yamoto ikadutsa, yalowa. Tambala wa aneba akalira, walowa. Nyengo ya dzinja mvula ikangoyamba kuwaza pamalata, ntchito yaima. Tinazolowera kujambula kuyambira 11 koloko usiku, ndipo amene amadziwa chisanu cha ku Angónia mwezi wa Juni amvetsa: mwana ankayimba atafunda bulangete, kapu ya madzi ofunda a mandimu ili pambali. Usiku wina, vesi yachiwiri itatuluka bwino kwambiri patatha maulendo 14, mayunitsi a magetsi a Credelec anatithera ndisanasunge. Ndinali nditaiwala kugula. Sanandiyankhule masiku awiri.

Tinakangananso za chiyankhulo. Ine ndinkafuna ayimbe m'Chipwitikizi, poganiza za wailesi za ku Maputo ndi ku Beira. Iye anakana. Anati akayimba Chipwitikizi amamva ngati akuyankha mayeso. Tinagwirizana zoti kolasi ikhale ndi mzere umodzi wa Chipwitikizi, zina zonse Chichewa. Pano ndimavomera kuti iyeyo ndiye analondola, ngakhale pamaso pake sindinavomerepo.

Nyimbo ya amayi ija tinaitulutsa kumayambiriro kwa 2020. Tinaiika pa Facebook, tinaitumiza m'magulu a WhatsApp, ndipo wailesi ya m'dera lathu inaiseweranso. Inayenda kuposa mmene tinkaganizira. Msuweni wathu wa ku Dedza anatiimbira foni kuti waimva m'minibasi yopita ku Lilongwe. Ena anati ikumveka ku Tsangano ndi ku Furancungo. Koma tsiku lina ndikudutsa pashopu ya mnyamata wina mumsika momwemu, ndinamva akuuza kasitomala kuti, "Ya mtsikana wa konkuno ija ndikuikirani, ilipo." Anamulipiritsa. Ife pa nyimbo imeneyo sitinapezepo ngakhale metikali imodzi. Ndinapsa mtima, ndinatsala pang'ono kulowa kukamuzazira, koma ndikanati chiyani? Kompyuta yake ndinamuthandiza kuikonza ndine, ndipo theka la nyimbo zake anazitenga kwa ine.

Kenako mu Epulo chaka chomwecho boma linalengeza malamulo okhwima chifukwa cha Covid-19. Maukwati aakulu anaima, malo achisangalalo anatsekedwa. Chimene chinatisunga ndi kutchaja mafoni ndi M-Pesa, njira yotumizira ndalama pafoni, imene ndinali nditangoyamba kumene kukhala ejenti wake.

Zinthu zitamasuka, ndalama zinabwerera njira imene sitinaiganizire. Anthu amene anamva nyimbo ija anayamba kufunsa ngati mwanayu angayimbe paukwati, nthawi imene akwati akulowa m'holo. Makwaya nawo anamva kuti ku Ulongué kuli pojambulira, osafunikanso kuwoloka malire kapena kupita ku Tete. Kwaya ya anthu 20 singakwane m'kachipinda kathu, ndiye timawalowetsa anayianayi, oyimba mawu okwera kaye, abesi pomaliza. Tajambulanso zotsatsa malonda za ogulitsa feteleza ndi mbewu, mchemwali wanga n'kumayimba mitengo ya mbewu ya chimanga ndi mawu omwe aja olizitsa anthu. Amanyansidwa nazo, koma ndi zimene zinagula kiyibodi.

Ulendo wa ku Tete wokha ndi umene sindikondwa ndikaukumbukira. Mwini malo ena odyera m'mbali mwa Zambezi anatiitana kuti akayimbe Loweruka usiku. Tinakwera chapa, minibasi ya kuno, mbandakucha, makilomita oposa 200, kutsika mapiri athu ozizira, kudutsa Moatize ndi fumbi lake la malasha, mpaka kuwoloka mlatho wa Samora Machel. Kutentha kwa ku Tete kunamuumitsa kukhosi asanakwere n'komwe pansanja. Anthu kumeneko ambiri amayankhula Chinyungwe ndi Chipwitikizi, ndipo anabwera kudzavina. Nyimbo ziwiri zoyamba ankangocheza ngati palibe akuyimba. Yachitatu, ya amayi ija, mayi wina wachikulire anadzuka n'kukamuika ndalama m'manja. Pomaliza mwini malo anatipatsa theka la zimene tinapangana, ati anthu sanamwe mokwanira. Panalibe pepala lililonse losainirana. Kuyambira pamenepo, aliyense wofuna kuti akayimbe amayamba watumiza theka pa M-Pesa kapena e-Mola, ngakhale akhale wachibale. Azakhali athu anadandaula nazo kwambiri pa ukwati wa mwana wawo, koma anatumiza.

Zoikira anthu nyimbo ndinasiya. Ndisanamizire chilungamo chokha, malondawo anali atayamba kale kufa chifukwa aliyense pano amangotumizirana pafoni. Mchemwali wanga ali ndi nyimbo 9 zojambulidwa, ndipo kope lachitatu latsala pang'ono kudzaza. Tikukonza mapepala oti akalembetse nyimbo zake ku SOMAS, bungwe loona za umwini wa ntchito za alembi ndi oyimba kuno ku Mozambique. Ndalama zimene tikusunga panopa ndi za siling'i ya kachipinda kaja. Mmisiri anabwera kale kudzayeza, ndipo wati tikagula mabolodi mwezi wa Okutobala usanathe, aimaliza mvula isanagwe.