Za droni ndikumvetsa, koma traipodi yalakwanji?

Mwezi watha ndinapita kukajambula pamalo ena akale otetezedwa ndi boma, tikiti ndinagula bwinobwino, koma nditangoimika traipodi, chamiyendo itatu choikapo kamera chija, mlonda uyu wafika, akuti "Achimwene, apa nde mwayamba bizinesi, pamafunika pemiti." Pambali panga anthu ali kalikiliki ndi mafoni, ena mafoni oti amajambula bwino kuposa kamera yanga, palibe anawafunsa kanthu. Mlondayo sindikumuda ayi, ndi ntchito yake. Chinandiwawa nchoti pageti panalibe chikwangwani, pawebusaiti pawo sanalembepo kanthu, ndipo fomu ya pemitiyo akuti umayenera kulemberatu masiku angapo usanabwere, nde munthu ukanadziwira kuti?

Za madroni zokha, tindege topanda munthu tojambulira m'mwamba tija, ine ndili mbali ya oyang'anira malo, sindibisa. Ku America a National Park Service, bungwe la boma loyang'anira mapaki, analetsa madroni m'mapaki awo onse mu June 2014, ndipo miyezi iwiri isanathe mlendo wina wa ku Netherlands anagwetsera droni yake mu kasupe wotentha uja wa Grand Prismatic ku paki ya Yellowstone, khoti linamulipiritsa madola oposa 3,000. Ku paki ya Zion nako droni inabalalitsa nkhosa zam'tchire, ana kusiyana ndi amayi awo. Nde ganizirani batire yathera m'mwamba, pansi pali khoma loti laima zaka mazanamazana, likagumuka mwala umodzi palibe ndalama yoti ingabwezeretse. Ku Machu Picchu, mabwinja akale a ku Peru, madroni saloleza, ndipo ndikuti akuchita bwino.

Kulipiritsa a filimu kapena a malonda nakonso nkoyenera, amabwera ndi magetsi, zingwe ndi chigulu cha anthu nkutseka njira ya alendo ena, alipire basi ndalamayo ikakonzere malowo. Koma kuyeza munthu ndi kukula kwa kamera yake nkulakwitsa.

Ku India zinandisangalatsa, mu 2018 a Archaeological Survey of India, bungwe la boma loyang'anira malo akale, analola kujambula m'malo awo kupatula atatu okha, mapanga a Ajanta, Leh Palace ndi mkati mwa manda ku Taj Mahal. Malo atatu, atchulidwa mayina, umanyamuka kunyumba ukudziwa kale poti kamera ikhale m'chikwama.

Tsikulo ndinapinda traipodi nkumajambula pamanja, dzuwa linali litapendeka kale ndipo zolemba za pakhoma zomwe ndinapitira zija zinatuluka zosaoneka bwino, theka sizikuwerengeka nkomwe.