Mawu Otikalipira Mumtima Ali ndi Chimene Akuopa

Munthu akanena kuti mtima wina ukumuuza kuti apite pomwe wina ukumuuza kuti akhale, palibe amene amamuyesa wozungulira mutu, chifukwa tonsefe timadziwa kuti mwa munthu mmodzi mumatha kukhala zofuna zingapo zokokanakokana. Njira ya uphungu yotchedwa Internal Family Systems, imene ambiri amangoitchula mwachidule kuti IFS, inamangidwa pa mfundo yodziwikayi, ndipo ndakhala ndikuilingalira kwambiri chifukwa cha mmene imachitira ndi mawu amene amatinyoza mkati mwathu.

Amene anaiyambitsa ndi Richard Schwartz wa ku America, katswiri wothandiza mabanja, amene kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 ankathandiza achinyamata odwala matenda odya mopitirira muyeso kenako n'kudzisanzitsa. Iye ankayembekezera kuti ubale wa m'banja ukakonzedwa vutolo litha, koma kwa ambiri silinathe. Atayamba kufunsa odwalawo zimene zinkachitika mumtima mwawo, ankamva za mbali ina imene inkawanyoza, ina imene inkawathamangitsira ku chakudya kuti asamve ululu wa kunyozedwako, ndi inanso imene inkangodziona yopanda pake. Poyamba ankawalimbikitsa kulimbana ndi mbali zovutitsazo, koma anaona kuti zikamaumirizidwa kuti zisiye m'pamene zinkalusa kwambiri. Maganizo akuti munthu ali ndi mbali zambiri sanayambe ndi iye, pakuti akatswiri ena a maganizo monga Roberto Assagioli ku Italy, Eric Berne, ndiponso Hal ndi Sidra Stone anali ataphunzitsa kale zofanana nazo. Chimene Schwartz anawonjezera ndi kuona mbalizi ngati anthu a m'banja limodzi, amene khalidwe la aliyense limamveka bwino pokhapokha mutadziwa amene akumuteteza ndi amene akulimbana naye.

Mwa njirayi mbali zimagawidwa m'magulu atatu. Pali zotsekeredwa, zimene zimasenza manyazi, mantha ndi chisoni cha zimene zinatichitikira, kawirikawiri tili ana. Pali zoyang'anira, zimene zimagwira ntchito usana ndi usiku kuti ululuwo usadzutsidwe, ndipo zimachita zimenezi mwa kutikakamiza kuchita chilichonse mosalakwitsa, kusangalatsa aliyense, kapena kudzinyoza tokha ena asanatinyoze. Ndiye pali zozimitsa moto, zimene zimadzambatuka ululu ukatulukira, n'kuuphimba ndi chilichonse chimene chili pafupi, kaya ndi mowa, kudya, ukali, kapena kungoyang'ana pa foni mpaka tambala woyamba.

Taganizirani munthu amene bwana wake wamubwezera lipoti atalemba mzere umodzi wokha wosonyeza pamene palakwika. Madzulo onse mawu ena akumuuza kuti ndi mbuli ndipo posachedwa aliyense adziwa. Pofika usiku sangathenso kupirira, choncho akumwa mpaka kuledzera, ndipo m'mawa mawu onyoza aja abwerera ali ndi mlandu watsopano womuimba. Pansi pa zonsezi mwina pali mwana amene anasekedwa pamaso pa anzake m'kalasi. Wonyozayo ndi woledzerayo amadana kwambiri, komabe onse awiri akulondera khomo limodzi.

Chimene chimandigwira mtima kwambiri ndi funso limene phungu amafunsa munthu akapeza pamene mbaliyo ikumvekera m'thupi, mwina pachifuwa polemera kapena pakhosi pouma. Amamufunsa kuti, "Kodi mbali imeneyi mukuimva bwanji mumtima mwanu?" Munthuyo akayankha kuti akudana nayo ndipo akufuna ichoke, phunguyo amadziwa kuti amene wayankhayo ndi mbali inanso, ndipo amapempha kuti iyambe yapatuka pang'ono. Amachita zimenezi mpaka munthuyo atayamba kumva bata ndi chidwi chofuna kumvetsa. Pamenepo m'pamene amafunsa wonyoza uja kuti, "Ukuopa kuti chingachitike n'chiyani utasiya ntchito imeneyi?" Nthawi zina amafunsanso kuti mbaliyo ikuganiza kuti munthuyo ali ndi zaka zingati, ndipo si zachilendo kuti yankho likhale la zaka za mwana wamng'ono.

Inenso ndili nawo mawu otere, amene amadzuka ndikangoyamba kulemba, n'kumandiuza kuti zimene ndikulembazo n'zachibwana. Nditawafunsa mofatsa chimene amaopa, yankho limene linabwera linali lakuti kuli bwino andiphwetse okha kusiyana n'kuti ndikachite manyazi pagulu. Sanasiye kulankhula, koma tsopano ndimawamva ngati mlonda wotopa amene sanauzidwe kuti ngozi inapita kale, ndipo ndimatha kupitiriza kulemba iwo akulankhula.

Pano m'pamene anthu ena amasokonezeka, poganiza kuti mfundo ya IFS yakuti palibe mbali yoipa n'kuvomereza khalidwe lililonse. Ine sindiona choncho. Munthu amene wakalipira ana ake mpaka kuwaopseza ayenerabe kupepesa ndi kusintha, ngakhale atamvetsa kuti ukaliwo unkateteza bala lakale. Kusiyana kwake n'kwakuti kudzida sikunathandizepo ukali kuchepa, pamene kumvetsa chimene ukuteteza kumapatsa munthu poyambira. Malinga ndi njirayi, mbali zoteteza, zomwe ndi zoyang'anira ndi zozimitsa moto zija, sizisiya ntchito yawo mpaka mbali yotsekeredwa ija itamvedwa n'kutula katundu amene yakhala ikusenza, ndipo phungu wodziwa ntchito safika kwa iyo asanapemphe chilolezo kwa zotetezazo.

Koma pali zina zimene ndimazilandira mosamala. Schwartz amaphunzitsa kuti mwa aliyense muli mwini wake weniweni, wodekha, wachifundo ndi wolimba mtima, amene sawonongeka ngakhale munthu atakumana ndi zoopsa zotani. Mfundo imeneyi ndi yolimbikitsa, koma ndi chikhulupiriro osati chinthu chimene sayansi yayeza. Umboni wa kafukufuku nawonso udakali wochepa poyerekeza ndi wa njira zina monga CBT, njira ya uphungu yothandiza munthu kusintha kaganizidwe ndi kachitidwe kake, imene yayesedwa kambirimbiri. Kafukufuku amene amatchulidwa kawirikawiri anatuluka mu 2013 mu Journal of Rheumatology, ndipo anakhudza anthu 79 odwala nyamakazi yotupitsa mfundo. Amene analandira thandizo la IFS ananena kuti ululu ndi kuvutika maganizo zinachepa ndipo anayamba kudzichitira chifundo, koma matenda enieniwo m'thupi sanasinthe mooneka. Anthu 79 ndi ochepa kwambiri moti sitinganene kuti njirayi imachiza chilichonse, monga mmene ena amailengezera pa intaneti.

Palinso anthu amene njirayi ingawavulaze m'malo mowathandiza. Amene amamva mawu a anthu osaoneka, kapena amene amataya kukumbukira n'kumadzimva ngati achoka m'thupi lawo, angasokonezeke kwambiri akalimbikitsidwa kudziona ngati anthu ambiri, ndipo phungu wopupuluma angachititse munthu kukhulupirira kuti akukumbukira zinthu zimene sizinachitike. N'chifukwa chake ndimaona kuti kucheza ndi mawu odzinyoza a tsiku ndi tsiku munthu angakuyese yekha ndi cholembera ndi pepala, koma kutsegula mabala a nkhanza zazikulu kumafunika katswiri wophunzitsidwa bwino za matenda a maganizo, amene amadziwa nthawi yoyenera kuima.